Kalavani Pakhomo pa Mkamwini

Mwana wanga Akuzike anaimba foni ndili kuseri kwa nyumba, ndikupopa matayala a kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto.

"Adadi, chipinda chanu takonza. Edmond wapenta dzulo. Mungobwera ndi chikwama basi."

"Ndibwera ndi kalavani."

Ndinkamumva akupumira m'mwamba. Anali woyembekezera, masiku ake atayandikira.

"Kalavani ija? Chimwalirireni amami simunaikokepo."

"Matayala ndapopa."

Flora, mkazi wanga, anatisiya mu 2005. Akanakhalapo, bwenzi atapita kale ku Indianapolis kukadikira mdzukulu, ine n'kutsala kuno ku South Bend. Imeneyo ndi ntchito ya mayi. Ine kusambitsa khanda sindidziwa. Koma kutsuka mbale, kutchetcha kapinga, kuthamangira kusitolo ndi kuperekeza munthu kuchipatala ndimatha. Ndinapempha tchuthi kuchipatala komwe ndimakonza mipope ndi zitseko. Anandipatsa.

Chimodzi chokha ndinakana. M'nyumba ya mkamwini sindigona.

Nyumba yawo ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, ndi yaing'ono, bafa ndi limodzi. Munthu sukumana ndi apongozi ako m'mamawa pakhomo la bafa, wina atamanga thaulo m'chiuno. Edmond, mwamuna wa Akuzike, ndi mwana woleredwa bwino. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo kuno anabwera ali wamkulu kale, kudzaphunzira unamwino. Ndikapita kukacheza kwawo, iye amadyera kukhitchini ataimirira. Nditati ndikhalemo mwezi, akhoza kuondera m'nyumba yake yomwe.

Akuzike anakulira kuno. Kwa iye zimenezi ndi kungovutitsana.

"Pamsewu wathu salola kuti igonepo, adadi. Muyenera kuipaka pambali pa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda wa aneba. Mpata wake mukuudziwa. Ndiye ndi kulowa chambuyo. Ankakuwongolerani ndi amami."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tipangane. Ikalowa, muzigona mmenemo, ine sindidzayankhulanso. Ikakanika, mugona m'chipinda chomwe takonzachi, kalavaniyo tigulitsa. Mwavomera?"

"Eya."

Kalavaniyo anaisankha ndi Flora, yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu wina wa ku Elkhart. Ndi yoyera, yokhala ndi mzere wofiirira. Denga limadontha pakona ya bedi. Magetsi akumbuyo amayaka akafuna. Furiji imagwira ntchito pokhapokha kalavaniyo ikaima mowongoka, ikapendekeka pang'ono mkaka umasasa. Ine sindinaikondepo. Flora ankaikonda, ndipo chilimwe chilichonse tinkapita nayo kunkhalango zomwe anthu amakagonako.

M'nyumba Flora sanandikwezerepo mawu. Koma ikafika nthawi yobweza kalavani chambuyo, ankavala chipewa chake chachikasu, chachikulu ngati lichero, n'kuima pomwe ndingamuone pagalasi. Kenako ankakuwa mpaka azungu n'kumasuzumira m'matenti mwawo. "Kumanzere! Kwinako, Dixon! Basi!" Ndi nthawi yokhayo yomwe ankanditchula dzina. Chipewacho chinali chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko.

Kutchalitchi ndinangouza munthu mmodzi kuti ndichokapo. Mmodzi anakwana. Mmalawi akamva kuti galimoto ikupita kwinakwake, amakumbukira kuti ali ndi m'bale kumeneko.

M'mawa wa ulendo ndinayamba ndi kulumikiza. Kukoka kalavani uli wekha kumayambira pamenepo. Pikapu yanga ili ndi kampira kachitsulo kumbuyo, ndipo mlomo wa kalavani uyenera kukhala pamwamba pa kampirako ndendende. Umabwerera m'mbuyo, n'kutsika kukaona. Waphonya. Umakwera, kusendeza, kutsikanso. Waphonyera kwinako. Ndili pantchito imeneyo, ndinamva zitseko za magalimoto zikutsekedwa pabwalo.

Anatsogolera ndi mayi Theresa, wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu.

"Bambo a Akuzike, ndi kakatoni kamodzi kokha. Ka mchemwali wanga wa ku Lawrence."

Kumbuyo kwawo kunali amuna awiri atanyamula makina osokera, achitsulo, a miyendo yawo.

"Kakatoni," ndinatero.

"Nanga nyumba yathunthu ipite ku Indianapolis mulibe kanthu? Limenelo ndi tchimo. Inu pitirizani zanuzo, ife tilongedza tokha. Sitikuvutitsani."

Panabwera thumba la ufa. Panabwera makatoni a mabuku a mwana wina wa kuyunivesite, kabedi ka khanda, ndi bokosi la ayezi lodzaza nyama ya mbuzi. Wina anabweretsa njinga. Flora akanati, "Iyi si basi ya Yanu-Yanu," n'kubweza theka. Ine ndinali chogona pansi, ndikupala dzimbiri pawaya wa magetsi. Chitseko cha kalavani yathu chili chakumbuyo, ndiye katundu yense anamuunjika pomwepo, pafupi ndi khomo. Anapemphera, anandigwira chanza, anapita.

Ndinalowa msewu wa 31 dzuwa litakwera. Unali mwezi wa Meyi, chimanga chitangomera m'minda mbali zonse. Ndinkayenda pang'onopang'ono kumzere wakumanja. Chiwongolero chinkamveka chopepuka m'manja, ngati matayala akutsogolo akungokhudza pansi. Ndinati mwina ndaiwala mmene zimakhalira.

Ndisanafike ku Kokomo, thiraki yaikulu inandipitirira. Mphepo yake inakankha kalavani. Pagalasi ndinaona mzere wofiirira uja ukutulukira kumanzere, kenako kumanja, kenako kumanzere kwambiri. Inayamba kugwedeza mchira ngati galu, ndipo pikapu inkatsatira. Wakumbuyo analiza hutala.

Phazi linkafuna buleki. Ndinalikaniza. Ndinangolichotsa pamafuta, n'kugwira chiwongolero mowongoka, dzanja lina n'kufinya kachitsulo ka mabuleki a kalavani pansi pa chiwongolero. Inakoka kamodzi. Inagwedezekanso pang'ono. Kenako inabwerera pamzere.

Ndinaima m'mbali mwa msewu. Ndinakhala kaye.

Nditatsegula chitseko, ufa unandilandira. Thumba linali litaphulika pamwendo wa makina osokera. Bedi, makatani, sinki, zonse zinali mbuu. Pamenepo ndinaona bwino pomwe panali katundu. Zolemera zonse zinali kuseri kwa matayala. Kalavani ikalemera kumchira, imalamulira galimoto.

Ndinasamutsa chimodzichimodzi kupita kutsogolo. Makina osokera ndinawakwakwaza pansi. Mabuku aja ankalemera ngati njerwa. Msana unandikumbutsa zaka zanga. Chipewa cha Flora ndinachikung'untha n'kuchibwezera pamsomali.

Foni inalira.

"Adadi, muli pati?"

"Pafupi ndi Kokomo."

"Zonse zili bwino?"

Ndinadziyang'ana pagalasi la pikapu. Nsidze zinali zoyera, tsitsi loyera kuposa kale.

"Eya."

Kuchokera pamenepo inayenda ngati mwana womvera. Ku Kokomo maloboti anandiimitsa pafupifupi onse. Pamalo omwetsera mafuta ndinalowa bwino, koma potuluka panalibe pokhotera, mpaka mayi wina anachita kusuntha galimoto yake akupukusa mutu. Nditayandikira mzinda, makalavani akuluakulu atsopano ankandipitirira, opita ku mpikisano wa magalimoto ku Speedway. Ndinawasiya apite.

Ku Beech Grove ndinafika dzuwa litapendeka. Msewu wawo ndi wopapatiza, magalimoto ataima mbali zonse. Ndinatsika kukaona mpata uja. Kumanzere khoma la nyumba ndi paipi yotsitsa madzi a padenga. Kumanja mpanda wamatabwa wa aneba. Pakhomo penipeni, bokosi la makalata pamtengo wake. Ndinayeza ndi mapazi. Inkakwana, koma chotsala mbali iliyonse chinali ngati chikhatho.

Akuzike anali pakhonde, miyendo yotupa ataisanjika pampando wina.

"Adadi, mwagwera m'chigayo?"

"Katundu wa mayi Theresa."

Edmond anatuluka atapisira malaya. Ananjuta chapatali, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Bwino. AEdmond, muime kumbuyoko. Muzindiuza."

"Chabwino, bambo."

Ndinakwera. Ndinapititsa pikapu patsogolo, n'kuyamba kubwerera. Pagalasi ndinamuona Edmond ataima pafupi ndi mpanda, manja atawagwira kumbuyo. Kenako anasowa. Ndinangomva mawu akuchokera chapansi.

"Bambo, pepani, ndimati mwina, ngati sikuvuta, mukanakhotetsako pang'ono chakuno, chifukwa ndikuona ngati..."

Gu.

Ndinatsika. Bokosi la makalata linali litawerama. Edmond anali chinjutire pambali pake.

"Ndimafuna ndinene zimenezo, bambo."

Tinaliwongola. Ndinayesanso. Ulendo uno ndinamvetsa chomwe chinkachitika. Akafuna kundiyankhula, ankayamba wanjuta, ndipo akanjuta ankachoka pagalasi. Akakhala chiimire, maso athu ankakumana pagalasipo, iye n'kuyang'ana kumbali. Kuloza ndi chala sankaloza. Mawu ake ankayamba ndi kupepesa, ndipo pofika pa mfundo kalavani inali itapita kale kwina. Inapindika mpaka kona yake inakhudza nyali yakumbuyo ya pikapu. Ndinamva galasi likusweka.

Msewu ndinali nditautseka. Magalimoto awiri ankadikira. Ndinawongola, n'kuzungulira mudadada wonse kuti adutse. Pobwera ndinapeza aneba, mzungu wachikulire, ataima pakapinga pake ndi paipi yothirira, madzi akungotayika. Ankayang'ana mpanda wake.

Akuzike anagwira tsinde la khonde kuti adzuke.

"Ndibwere ndine."

"Khala pansi," ndinatero.

"Ndiye Edmond, tangokuwa. Ukuopa chiyani? Kuntchito umakuwira madokotala."

"Ndiwakuwire bambo?" Anafunsa motsitsa, ngati wauzidwa kuti akabe m'tchalitchi.

Kachitatu ndinalowetsa mchira pampata. Ndinkayang'ana mpanda pagalasi lakumanja. Mbali ya khoma sindinkaiona.

"Bambo, ndikupepesa kudula ntchito yanu, koma paipi ija ya madzi..."

Chitsulo chinalira. Paipi inaphwatalala pakhoma.

Ndinatuluka nayo n'kuzimitsa injini. Malaya anali atanyowa, ufa utasanduka phala m'khosi. Akuzike anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunandiwawa kuposa kuseka.

"Adadi, basi. Mwayesetsa. Bedi ndayala kale. Mawa Edmond aitana munthu adzaichotse."

Ndinayang'ana Edmond. Ankayang'ana nyumba yake, zenera la bafa, kenako kalavani. Nkhope yake inali ya munthu amene wamva chigamulo. Anasendera pafupi ndi chitseko cha pikapu, ananjuta, n'kunong'ona kuti mkazi wake asamve.

"Bambo, ikanalowa ndithu."

Apo ndinadziwa kuti tili awiri.

Ndinalowa m'kalavani n'kutenga chipewa chija.

"AEdmond, minibasi munakwerapo?"

"Ndinakhalapo kondakitala, bambo. Ya amalume, ya Ntcheu ndi Balaka. Pa holide."

"Chiyani?" anatero Akuzike ali pakhonde. "Iwe? Sunandiuzepo."

"Dalaivala akamabwerera m'mbuyo pa depoti," ndinapitiriza, "munkamupepesa?"

"Ayi, bambo. Tinkatukwanana."

Ndinamupatsa chipewacho. Anachilandira ndi manja awiri.

"Ichi chinali cha apongozi anu aakazi. Wovala chimenechi ine ndimamumvera. Muime pomwe ndikuoneni. Musanjute. Muno mulibe apongozi, muli dalaivala ndi kondakitala. Mukavula, tidzapitiriza za ulemu."

Chichokereni Flora ndinali ndisanayankhulepo mawu ambiri chotero.

Edmond anachiyang'ana chipewacho nthawi yaitali. Kenako anachivala. Chinali ndi maluwa ansalu kumbali. Anasolola malaya m'thalauza, n'kupinda manja a malayawo.

Ndinakwera, ndinaliza injini, ndinapita patsogolo mpaka kalavani itawongoka. Dzanja ndinaliika pansi pa chiwongolero. Ukagwira pamenepo, komwe dzanja lapita ndi komwe mchira umapita. Pagalasi lakumanzere panali chinthu chachikasu, chitaima njo.

Kunamveka likhweru. Linali lakuthwa, la pa depoti penipeni. Galu wa kutsidya kwa msewu anayamba kuuwa.

"Bwera! Bwera, bwera, bwera!"

Ndinabwera.

"Kumanja! Dyetsa kumanja! Wonjeza! Basi, gwira pomwepo!"

Mchira unadutsa bokosi la makalata. Chipewa chinathamangira mbali ya khoma, chinasuzumira, chinabwerera pagalasi. Dzanja linali m'mwamba, likuzungulira.

"Wongola tsopano. Wongola! Kwinako, mdala, wagona kodi?"

Pakhonde Akuzike anagwira pakamwa ndi manja onse. Mapewa ake ankagwedezeka. Ine ndinawongola.

"Eya, choncho. Bwera nayo. Usaope mpanda, mpanda ndauona ine. Pang'ono. Pang'ono. Ya amayi ako imeneyi, isamale!"

Matabwa a mpanda ankadutsa pagalasi lakumanja limodzilimodzi, pafupi moti ndikanatha kuwerenga misomali. Kumanzere khoma linali litadzaza galasi lonse. Sindinayang'anenso zimenezo. Ndinayang'ana chipewa chokha. Chikati kumanzere, ndinkapita kumanzere. Chikati ima, ndinkaima. Mapewa anga anamasuka okha. Ndinali nditaiwala kuti kubweza kalavani n'kosavuta ngati kumbuyo kuli munthu amene ukumukhulupirira.

Chikhatho chinamenya khoma la kalavani kawiri, mwamphamvu.

"Yakwana!"

Ndinaponda buleki. Ndinazimitsa injini.

Nditatsika ndinayenda mozungulira. Inali italowa yonse, yowongoka ngati yayezedwa ndi chingwe. Sinakhudze mpanda. Sinakhudze khoma. Chitseko chake chinayang'anizana ndi khomo la kukhitchini. Aneba anatseka madzi awo, anakweza chala chachikulu m'mwamba, n'kulowa m'nyumba.

Edmond anali ataima kumbuyo, akupuma mofulumira, akumwetulira mano onse pamtunda. Ataona kuti ndikubwera, kumwetulira kunazima. Anavula chipewa msangamsanga n'kunjuta.

"Bambo, pepani kwambiri. Mawu ena aja anangotuluka okha. Makamaka aja a..."

"Injini imasokosa. Sindinamve."

Akuzike anali atatsika pakhonde, dzanja lina kumsana, misozi ya kuseka ikadali m'masaya.

"Mdala, wagona kodi," anabwereza. "Edmond, ndidzamuuza mwanayu. Ndidzamuuza tsiku la ukwati wake."

"Akuzike, chonde."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakalavani. Anaisisita pamzere wofiirira paja. Anasuzumira mkati, anaona ufa, anaona makina osokera atatsamira bedi.

"Mwawina, adadi."

"Eya."

"Koma kudya muzidya m'nyumba. Pathebulo. Nonse awiri."

Ndinayang'ana Edmond. Iye anayang'ana pansi.

"Tiona," ndinatero.

Ntchito inali ikadalipo. Tinaika matabwa pansi pa tayala lakumanzere mpaka furiji itayamba kung'ung'udza. Tinatsitsa miyendo ya m'makona. Edmond anakoka waya wa magetsi kuchokera m'galaja, ine ndinasesa ufa. Nyama ya mbuzi inali isanasungunuke. Akuzike anaimbira foni anthu a ku Lawrence kuti adzatenge katundu wawo, ndipo anawauza kuti ufa wafika theka, theka lina lili m'tsitsi mwa adadi ake. Beseni ndinaliika pakona ya bedi podikira mvula. Paipi ya madzi ija ndinati ndikonza mawa.

Nditamaliza ndinakhala pasitepe ya kalavani, nsapato nditavula. Pawindo la kukhitchini ndinkamuona mwana wanga akutsuka makapu. Akaitana, ndimva. Akafuna galimoto, makiyi ali m'thumba.

Edmond anabwera ndi chipewa chija, atachipukuta bwinobwino. Anaima chapatali, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Ndichibwezere pamsomali, bambo?"

"Sungani," ndinatero. "Tsiku lina tidzafuna kuitulutsa."